Mzere wa Pensulo pa Botolo la Sulufule

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, ndipo ndikudziwa kuti mukuyembekeza kuwerenga za tsiku lija anandipatsa wotchi yapakhoma popuma ntchito. Wotchiyo inafa miyezi isanu isanathe, ndipo nkhani yake yathera pomwepa. Za ubwana wanga ku Ntchisi munazimva mpaka kutopa nazo. Chimene simunamvepo ndi nkhani ya botolo limodzi la mu labu. Iwe Esinati uwerenge mpaka kumapeto, chifukwa khungu lako lili m'nkhaniyi.

Chaka changa choyamba pa ntchito, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Ndinafika pa sekondale ina ya m'boma la Kasungu mu Okutobala, nditakwera pamwamba pa nkhuni m'ngolo ya thirakitala ya pa esiteti. Dzina la sukuluyo sinditchula, pakuti ana a anthu akuphunzirapobe ndipo iwo alibe mlandu. Ine wobadwira kumapiri ndinadabwa kuona dziko loti see mpaka kumene maso alekezera, lopanda poti munthu nkubisala, mabalani a fodya ali ndandanda. Kalata yanga inkati ndine wothandiza mu labu. Kunena mosabisa, ndinali wotsuka magalasi ndi wosunga makiyi. Aphunzitsi sankandiitanira tiyi wawo, alonda nawo ankanditcha bwana pofuna kundiseka, choncho chakudya changa chamasana ndinkadyera ndekha kuseri kwa sitolo ya mankhwala.

Ahedi anali a Zimba, munthu wa nsapato zopukutidwa kawiri pa tsiku, amene lamya ikalira mu ofesi ankayamba aimirira nkumanga batani la jekete asanaiyankhe. Sanali munthu woipa mtima ayi. Anali wamantha chabe, koma masiku amenewo munthu wamantha wokhala ndi chidindo ankapweteka anthu kuposa mfiti. Labu imene anandionetsa inali ndi mipope yopanda madzi ndi mapaipi a gasi opanda gasi. Madzi ndinkatunga pa mjigo, moto unali wa pambaula, maginito tinachotsa m'dayinamo ya njinga yakufa, ndipo mabatire ankachokera mu wailesi ya mphunzitsi wa sayansi, amene pa chifukwa chimenechi ankamva nkhani Loweruka ndi Lamulungu basi.

Mphunzitsiyo anali a Nyirenda, a ku Rumphi, wamtali wowonda, buluku lake loyera ndi choko m'matumba monse. Ndi iwo okha pa sukulu ponse amene ankandiitana kuti a Mbewe ana asukulu akumva. Tsiku langa lachitatu anandipeza ndikupukuta mashelefu nati, "A Mbewe, fumbi lisiyeni, silithawa. Bwerani mudzaone chimene mukupukutacho." Kuyambira pamenepo sankaphunzitsa ine nditakhala kumbuyo. Ankandiimika kutsogolo, nyundo ili m'manja mwanga.

Phunziro limene ankalikonda linali losiyanitsa zitsulo ndi zinthu zomwe si zitsulo. Patebulo ankayala msomali wadzimbiri, waya wa mkuwa wakuda ndi ukalamba, mtovu wa m'batire lakale la galimoto, khala limodzi, ndi chibulumwa cha sulufule chachikasu ngati dzira la nkhuku yakumudzi. Palibe chimodzi chinkawala. Kenaka ankagawa sandipepa nkunena kuti, "Palani." Msomali unkayera pansi pa dzimbiri, mkuwa unkafiira nkuyamba kunyezimira, ngakhale mtovu unkaonetsa kuwala kwake pamene wapalidwa. Koma sulufule, kaya umupale mpaka dzanja lichite matuza, ankangoyoyoka ufa, ali mbuu. Ndikamenya mtovu ndi nyundo unkaphwatalala osasweka. Ndikagogoda sulufule pang'ono chabe ankanyenyeka. Tikalumikiza batire ndi babu kudzera mu msomali babu linkayaka, kudzera mwa sulufule linkangoti zii. Ufa wake m'madzi sunkasungunuka. Ana ankakonda kufumbata chibulumwacho nkuchiika kukhutu, chifukwa chikamva kutentha kwa dzanja chimalira thethethe, kung'aluka mkati. Pomaliza tinkatuluka panja, pansi pa mtengo wa mango, kukamutentha pa chitsekerero cha botolo. Ankasungunuka msanga, kuyenderera ngati uchi, kenaka kufiira, nkuyaka ndi kalawi ka buluu kosaoneka bwino padzuwa. Utsi wake ndiye unali nkhondo. A Nyirenda ankakuwa kuti, "Imani kumene mphepo ikuchokera! Yayi, iwe, kuno!" Komabe chaka chilichonse pankapezeka wamakani mmodzi wotsokomola mpaka misozi.

Ufa wa sulufule unkakhala m'botolo lalikulu lagalasi pa shelefu yam'mwamba. Lamulo la a Zimba linali lakuti chaka cha sukulu chikamatha mu Julaye, iwo eni ankalowa m'sitolo nkulemba mzere wa pensulo pa chipepala cha botolo lililonse, polekezera mankhwala, nkusainira pambali pake. Ankati katundu wa boma alibe miyendo. Makiyi a sitoloyo anali awiri, anga ndi a a Nyirenda.

Chaka chachinayi, nyengo yozizira

Chaka chimenecho mphere zinalowa m'nyumba za matenanti a m'maesiteti otizungulira, nkufika mpaka m'nyumba za pa sukulu. Esinati, unali ndi zaka ziwiri. Unadzikanda mpaka pakati pa zala, m'khwapa ndi m'mimba monse munali zilonda, ndipo ntchentche zinkakulondola. Amayi ako anapita nawe kuchipatala katatu, katatu konse nkubwerako ndi mawu akuti mankhwala atha, muzimusambitsa ndi sopo. Sopoyo tinkakusambitsa nayedi, koma mphere sizimva sopo.

Tsiku lina amayi anu akuchapa malaya anga a kuntchito anaima nkuwanunkhiza. Anati, "Bambo a Esinati, fungo ili ndikulidziwa. Mafuta amene ankatipaka ku mishoni tili ana ankanunkha chonchi." Mawa lake ndinatapa masupuni atatu m'botolo lija, ndinakulunga m'pepala la mayeso akale, kunyumba tinasakaniza ndi mafuta odzola. Sabata ziwiri zisanathe unali kugona osalira, ndipo zilonda zinauma.

Mwana akachira pamudzi sabisika. Anayamba ndi amayi a kumpingo, kenaka akazi a matenanti, ena ochokera kutali kufupi ndi Chamama, ana ali kumsana atakulungidwa manja m'nsanza. Ankaima pansi pa mtengo wa mango uja, kudikira kuti ndiwaone. Sindinagulitsepo ngakhale supuni imodzi, zimenezo Mulungu akudziwa. Koma ndinkapereka katundu wa boma kudzera pazenera, ndipo zimenezo zinali zokwanira kuchotsetsa munthu ntchito nkumumangitsa. Tsiku lina a Nyirenda anandipeza supuni ili m'botolo, mayi wina ataima pazenera. Iwo anayang'ana mwana anali kumsanayo, anayang'ana ine, nati, "Mpatseni mayiyo, a Mbewe. Koma musiyeko wa Folomu 3, tisadzatenthe ufa wa mgaiwa pa phunziro." Anatenga choko chawo nkutuluka, ndipo sanaitchulenso nkhaniyi. Pofika Okutobala, sulufule anali atatsika zala zitatu pansi pa mzere wa a Zimba.

Chaka chomwecho, Novembala, mvula isanagwe

Tcheyamani wa chipani m'dera lathu anali a Kachiwanda, mwini esiteti ya fodya wa m'mabalani. Munthu ameneyu akalowa mumsika, amayi ankayamba kufufuza makhadi a chipani m'mipango yawo asanafunsidwe. Chaka chimenecho madzi anachepa kudambo, ndiye anauza antchito ake kuti akuze chitsime chothirira nazale. Atakumba kupitirira msinkhu wa anthu awiri anapeza miyala yachikasu yonyezimira.

Mudziwe mwambo wa nthawi imeneyo. Mtsogoleri wa dziko akamabwera kudzayendera mbewu m'dzinja, dera lililonse linkapereka mphatso, ndipo matcheyamani ankapikisana. Wina ng'ombe, wina matumba a mtedza, mayi wosauka dzira lake limodzi lomwe, afune asafune. A Kachiwanda anaona kuti mwayi wawo wafika. Asanafunse munthu aliyense wodziwa, anali atalengeza kale pamsonkhano wa ku boma kuti dera lawo lidzapereka golide, ndipo amayi anali atayamba kale kupeka nyimbo yake.

Anafika pa sukulu Lolemba cha m'ma teni koloko, ndi anyamata awiri a chipani a malaya ofiira ndi amayi atatu ovala nsalu ya chipani. Miyalayo inali m'chitini, chitinicho atachikulunga m'nsalu yomweyo. A Zimba anawaperekeza ku labu chidindo chili kale m'manja. A Kachiwanda anati, "Aphunzitsi, sitikuchedwetsani. Tikufuna kalata ya sukulu yonena kuti uyu ndi golide, kuti mphatso ipite ndi umboni wa anthu ophunzira." Anakhuthulira miyalayo patebulo, ndipo ndisaname, ine ndinakhulupirira. Inali yokongola. Ina inali ya makona anayi ngati yosemedwa ndi mmisiri, ndipo dzuwa la pazenera litaigunda inathwanima mpaka kudenga.

A Nyirenda anatola umodzi, kuuyeza m'dzanja, nati, "Makora, chabwino, bwana tcheyamani. Tiyeni tiuyese kaye, kalata ilembedwe ndi mtima umodzi." A Zimba anatsokomola kachifuwa konamizira nati, "A Nyirenda, ndi zofunika zimenezo? Si ukuonekeratu?" Iwo anayankha kuti, "Ukuoneka, ahedi. Nchifukwa chake tiuyese."

Anandipatsa nyundo. Anafotokoza kuti golide ndi chitsulo chofewa, ukammenya amaphwatalala ngati mtovu. Ndinamenya kamodzi, mwalawo unathetheka moto nkusweka tizidutswa. Anatenga mbale yadothi yosweka nkukhwekhweza mwala kumsana kwake, nati golide amasiya mzere wachikasu. Uwu unasiya mzere wakuda. A Kachiwanda anati golide wa m'nthaka amakhala ndi litsiro, afunika kumuyenga. A Nyirenda anavomera kuti timuyenge. Tsono apa mumvetse bwino, chifukwa mlandu wonse unagona pamenepa. Amene anasinja mwalawo mu kamtondo ndine. Amene anatenga chubu chagalasi, chimene ndinachitsuka ndekha m'mawa womwewo, ndine. Amene anathiramo ufa wa mwalawo, kuika pa makala nkumakupiza mbaula, ndine. A Nyirenda manja awo anali kumbuyo nthawi yonseyo, akulankhula.

Patapita kanthawi, kumtunda kwa chubu, kumene galasi linali lozizirirapo, kunayamba kuchita mkombero wachikasu. A Kachiwanda analumpha nkuwomba m'manja. "Si uyo! Watuluka! Amayi, nthungululu!" Amayi aja analuluta mu labu, ndipo ana asukulu anadzadza m'mazenera. Munthu wochenjera akanalekera pomwepo nkupempha kuti alankhule ndi tcheyamani paseri. A Nyirenda kuchenjera kwa mtundu umenewo analibe. Kwa iwo aliyense woima pafupi ndi tebulo lija anali mwana wa sukulu woyenera kuthandizidwa.

Chubu chitazizira anapala chachikasucho nkuchiika pa chitsekerero cha botolo. Anati, "Taonani, bwana. Chikasu chilipo, koma kuwala kuli kuti? Chitikiteni ndi chala, chikungofumbutuka. Uyu ndi sulufule. Chakuda chatsala pansichi, onani, chikukakamira ku maginito. Mwala wanuwu ndi chitsulo wamba chogwirana ndi sulufule. Kunyezimira umanyezimiradi, wanamiza anthu ambiri, koma golide mulibemo." Pofuna kutsimikiza anayatsa machesi. Anachenjeza kuti anthu afutukeko, ndinawamva ndi makutu anga, koma a Kachiwanda anawerama kufuna kuona golide wawo akusungunuka, nakoka utsi wonse ndi mphuno.

Anatsokomola mpaka kugwira tebulo. Misozi, mamina, chipewa pansi. Mmodzi wa amayi aja kuseka kunamupulumuka, anatseka pakamwa ndi nsalu mochedwa, ndipo m'mazenera ana anangoti gwedeee ndi phwete. Atapeza mpweya, a Kachiwanda sanakalipe. Anapukuta kumaso, maso awo ofiira nkuyendayenda m'chipindamo mpaka anakaima pa shelefu ya m'sitolo, pakuti chitseko ndinali nditachisiya chotsekula. Botolo lija linali pomwepo, chikasu chake chimodzimodzi ndi cha m'chubu.

"Aphunzitsi, kwanu nkuti?"

"Ku Rumphi, bwana."

"Ndinadziwa," anatero a Kachiwanda, natolera miyala yawo.

Lachinayi la sabata yomweyo

Lachitatu mphekesera inali itafika kale pa mjigo, yakuti mphunzitsi wa kumpoto wathira mankhwala m'golide wa Mtsogoleri kuti aoneke wachabe, ndiponso anafuna kupha tcheyamani ndi utsi wapoizoni. Masana a tsikulo a Zimba anabwera kudzatenga botolo lija okha, kulinyamula ndi manja awiri, osandiyang'ana. Ndinapita kunyumba. Amayi anu anali pakhonde akusankha nyemba, ali ndi pakati pa iwe Dalitso. Ndinawauza zonse, ndi za mzere zomwe. Iwo anati, "Ine sindikuuzani chonena, bambo a Esinati. Koma nyumba ino ndi ya sukulu, ndipo mwezi wanga ndi wa mawa." Musawaimbe mlandu amayi anu. Ananena zoona zokhazokha, ndipo pakamwa pokayankhira panali panga.

Lachinayi m'mawa anatiitanira ku ofesi ya ahedi. Munali amuna awiri ovala zawamba amene sanatchule maina awo, a Kachiwanda atakhala pampando wa ahedi, a Zimba ataima pakona. Botolo linali pakati pa tebulo. Mmodzi wa amuna aja anaika zala zake zitatu pakati pa mzere ndi polekezera ufa, nafunsa a Zimba ngati phunziro la sulufule linali litaphunzitsidwa chaka chimenecho. A Zimba anati ayi, limabwera teremu yachiwiri. Munthuyo anatembenukira kwa ine.

"Makiyi a sitolo amasunga ndani?"

"Ine ndi a Nyirenda, bwana."

"Iwe unatapamo m'botolomu?"

Yankho loona linali lalifupi, ndipo likanamasula munthu. Ndikanati ndinatapa ndine, ndinapatsa amayi a ana a mphere, pitani pa esiteti ya a Kachiwanda omwewa mukafunse akazi a matenanti awo. Ndinaona nyumba, ndinaona mimba ya amayi anu, ndinaonanso galimoto imene inaima panja injini osazimitsa.

"Ayi, bwana."

"Nanga wapita kuti?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Anathira ufa m'chubu ndani tsiku lija?"

"Sindinaonetsetse, bwana. Ine ndinali kukupiza mbaula."

Mawu amenewa ndawabwereza mumtima zaka zonsezi kuposa pemphero lililonse limene ndinaphunzira ku Sande sukulu. A Nyirenda anali ataima pambali panga, mwakuti ndinkamva kupuma kwawo. Sananditembenukire. Atafunsidwa za sulufule wosowayo anati, "Chilichonse chotuluka m'sitolo muja chimatuluka ndi chilolezo changa. Koma botolo lisiyeni, mabwana. Tengani mwala wina m'chitinimo, mutenge chubu chanu, muutenthe nokha ine ndili panja. Mukapanda kuona chachikasu, ndimangeni." Wovala zawamba uja anaseka nati iwo sanabwere kudzaphunzira sayansi. Dzina langa silinatuluke pakamwa pa a Nyirenda, ngakhale kamodzi. Anavula wotchi yawo nkupatsa a Zimba kuti akapereke kwa akazi awo, nakwera galimoto ija choko chikadali m'thumba. Kukhoti sanapite nawo. Masiku amenewo zinali zosafunika.

Akazi awo, a NyaGondwe, anapatsidwa masiku awiri kuti atuluke m'nyumba ya sukulu ndi ana anayi. Aphunzitsi onse amene ankadya nawo pa Khirisimasi anatseka zitseko. Mayiyo ananyamula yekha mipando ndi matiresi kukweza m'ngolo ya ng'ombe. Ine ndinaonera pa kazenera ka m'sitolo, kamene kaja ndinkaperekera sulufule, ndipo sindinatuluke.

Mukufuna kudziwa za golide? Miyala ina anaitumiza mwakachetechete kwa akatswiri a miyala ku Zomba. Yankho lake silinalengezedwe pamsonkhano uliwonse. Tinangoona kuti pa tsiku la mphatso a Kachiwanda apereka ng'ombe yamphongo, nyimbo ya golide ija osaimbidwa. Miyala yotsala anaithira pa dzenje la mumsewu wa ku esiteti kwawo, ndipo mvula itaipitira kawiri inachita dzimbiri ngati msomali uliwonse. Ndinkaiponda popita kutchalitchi. Choncho aliyense, kuyambira tcheyamani mpaka ahedi, anadziwa dzinja lisanathe kuti a Nyirenda ananena zoona, koma palibe amene anakatsekula chitseko cha ndende. A Zimba anakwezedwa nkupita ku likulu. A Kachiwanda anamwalira ali wolemekezeka, ndipo pamaliro pawo ine ndinaimba nawo m'kwaya. Mphunzitsi amene analowa m'malo mwa a Nyirenda ankalemba pabolodi kuti sulufule ndi wachikasu, sanyezimira, amanyenyeka, ana nkukopera. Botolo sanafune nkomwe kuti litsike pa shelefu. Amayi a ana a mphere anabweranso kangapo pansi pa mango, ine ndinkadzitanganitsa mpaka atatopa nkumapita.

Patapita zaka zitatu ndi miyezi

Linali Lachiwiri, m'mwezi wa Juni, ndikukonza tebulo la Folomu 2, pamene ndinamva odi pakhomo la labu. Ndinatenga kanthawi kuti ndiwazindikire a NyaGondwe, chifukwa anali atatha thupi. Tinapatsana moni wa anthu osadziwa poyambira. Anati amuna awo anatulutsidwa m'ndende sabata yapitayo, popanda kuwauza chimene anawamangira ngakhale chimene awamasulira. Anagona masiku angapo kwa mbale wawo ku Chisemphere, ndipo tsopano anali pa ulendo wa kwawo.

"Khungu lawo ndiye latha, a Mbewe. Mphere za kundende. Kuchipatala akuti mankhwala kulibe." Anayang'ana pansi, kenaka anapitiriza. "Adada a ana anga andituma kwa inu. Akuti inu mukudziwa kasakanizidwe kake."

Munalibe mnyozo m'mawu awo, ndipo ndikanakonda ukanakhalamo. Ndinalowa m'sitolo nkutsitsa botolo. Ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi: maso anga anayamba apita pa mzere wa ahedi atsopano. Ngakhale pa tsiku limenelo, anayamba apita pa mzere. Ndinatapa osawerenga masupuni mpaka pepala linadzadza, ndinawauza muyezo wa mafuta, ndi kuti azipaka thupi lonse kusiya kumaso, zovala aziwiritse.

Anamanga pepalalo pa nsonga ya chitenje nati, "Ali pa siteji ya basi apo, pansi pa mtengo. Sakufuna kulowa pa sukulu, akuti angakuikeni m'mavuto." Kuchoka pa labu kufika pa sitejiyo ndi mtunda woti munthu ukaitana amamva. Pakhomo pomwe ndinaimapo ndinkaona munthu wamtali atakhala pa sutikesi, atafunda bulangete dzuwa lili pamutu. Ndinati ana alowa posachedwa, tebulo sindinamalize, mwina ndithamangira konko basi isanafike. A NyaGondwe anangogwedeza mutu, pakuti anadziwa. Atayenda mapazi angapo anatembenuka.

"Ndikanaiwala. Anati ndikufunseni ngati kamtsikana kanu kaja kanachira bwinobwino."

Belu linalira, ana anayamba kukhamukira pakhomo, ndipo ine ndinabwerera mkati osayankha. Basi inafika ndikugawa sandipepa. Ndinaimva ikuima, ndinaimvanso ikunyamuka.

Ndinagwira ntchito mu labu imeneyo zaka zina makumi awiri, kudutsa pa siteji ija m'mawa ndi madzulo. Zinthu zitasintha m'dziko muno, anthu atayamba kuyankhula, ambiri amene ndinkawadziwa anasanduka ngwazi pakamwa, aliyense ndi nkhani ya mmene anakanira. A Zimba omwe ndinawamva pamaliro ena akufotokoza mmene anamenyera nkhondo mphunzitsi wawo. Ine ndinalemba kalata ku Rumphi, ndipo inayankhidwa ndi mwana woyamba wa a Nyirenda, kuti bambo ake anatisiya zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo ku kalasi sanabwererenso. Ankalima khofi pang'ono ndi kukonza mawailesi a anthu.

Ndiye inu ana anga, sukulu munaphunzira, nyumba ya sukulu munakuliramo, ndipo Dalitso unabadwira pa bedi osati m'ngolo ya ng'ombe. Sindikuti mubweze, ndipo sindikupempha kuti mundikhululukire, pakuti wokhululuka si inu. Ndikungofuna mudziwe amene anakusenzani, chifukwa mwakhala mukuthokoza munthu wolakwika. Esinati, pa ukwati wako azakhali ako ankasirira mikono yako, kuti yosalala ngati sunadwalepo, ndipo unandifunsa chimene ndinatulukira m'holo anthu akuvina. Ndinati ndi utsi wa kukhitchini.

Funso lija ndinalisiya pakhomo la labu osaliyankha, ndipo wolifunsa kulibe. Ndiliyankha pano, poti pepala lili m'manja. Anachira, a Nyirenda. Alibe ndi chipsera chomwe.